KODI NZERU INGAYENDE M'THUMBA LA MAKALATA?

Pali funso limene limveka kawirikawiri pa mabwalo athu ndi pa makomo a nyumba za mapemphero. Mnyamata kapena namwali watsiriza sukulu ya kwao, ndipo mtima wace ukhumba kupitirira. Koma cuma palibe, malo ku sukulu yaikuru palibe, kapena ali ndi banja ndi munda zimene sangathe kuzisiya. Tsono amva kuti munthu akhoza kuphunzira ali pakhomo pace, maphunziro namtsata m'makalata. Pamenepo akuru apukusa mitu nafunsa kuti, Kodi munthu angaphunzitsidwe ndi mphunzitsi amene sanamuone nkhope? Kodi nzeru ndi katundu, kuti aimange m'phukusi ndi kuitumiza pa positi?

Tisafulumire kuwaseka akuruwo. Iwo adziwa kuti wosula anaphunzira kusula atakhala pacipala alikufukuta mvukuto. Woumba mbiya anaphunzira poyang'ana zala za amace. Ndi woweruza mirandu anakula alikumvetsera pabwalo. Kwa makolo athu nzeru inaoloka kucokera kwa munthu kunka kwa mnzace awiriwo atakhala pa mphasa imodzi. Komanso tisafulumire kuwaletsa anawo, pakuti njala ya kudziwa siri yoipa. Tiyambe tamva mbiri ya maphunziro otere, kumene anayambira ndi amene anathandizidwa nao, ndipo pambuyo pace tiyese mlanduwo.

1. Ciyambi cace

M'caka ca 1728 munthu wina dzina lace Caleb Phillips analengeza m'nyuzi ya ku Boston, m'dziko la America, kuti adzatumiza maphunziro sabata ndi sabata kwa anthu a kumidzi ofuna kudziwa kalembedwe ka cidule, kamene alembi alemba nako msanga mau a munthu alikulankhula. Koma masiku amenewo makalata anayenda pang'onopang'ono, ndi mtengo wace unali waukuru. Cotero nchitoyo sinafalikire.

Cimene cinatsegula njira ndico kobiri. Ku England kale wolandira kalata ndiye analipira, ndipo mtengo unakula monga mwa kutalika kwa ulendo, kotero kuti wosauka anaopa kulandira kalata. M'caka ca 1840 boma linamvera uphungu wa Rowland Hill, nilamula kuti kalata yopepuka iyende kuli konse m'dzikomo ndi kobiri limodzi lokha, wotumiza nalipiriratu pomata sitampa. Pomwepo Isaac Pitman wa ku Bath, amene anali atakonza kalembedwe kace ka cidule m'caka ca 1837, anayamba kuphunzitsa pa positi. Ophunzira ace anatenga ndime za m'Buku Lopatulika, nazilemba m'kalembedwe katsopanoko, nazitumiza kwa iye. Ndipo iye anakonza zolakwa nabweza mapepalawo. M'caka ca 1856 Charles Toussaint ndi Gustav Langenscheidt anayamba ku Berlin kuphunzitsa zinenero za anthu a maiko ena mwa njira ya makalata.

Tisapitirire msanga pa kubweza mapepalako, pakuti mtima wa nkhani yonse uli pamenepo. Zaka zoposa 2,000 zapitazo wanzeru wa ku Athens, dzina lace Socrates, anadandaula za mau olembedwa. Monga atiuza wophunzira wace Plato, iye anafanizira colembedwa ndi cithunzi, cimene cioneka ngati camoyo koma ukacifunsa cingokhala cete. Ndi zoona, buku siliyankha. Koma kalata iri ndi yankho. Pamene wophunzira alemba, mphunzitsi nawerenga, nalozera cala pa colakwa, napereka nchito yina, pamenepo pali kukambirana kwa anthu awiri, kungakhale kucedwa. Wotumiza mabuku okha ndi wamalonda. Wobweza pepala lokonzedwa ndiye mphunzitsi.

2. Khomo la sukulu zazikuru litseguka

Masiku akale ku England wofuna digiri, ndico cikalata ca umboni wa maphunziro apamwamba, anayenera kukakhala zaka zingapo ku Oxford kapena ku Cambridge, ndipo otha kutero anali ana a eni cuma. M'caka ca 1858, mu ufumu wa Victoria, yunivesite ya London inalandira cilolezo ca kuyesa mayeso munthu ali yense wokonzeka, osamfunsa kumene anaphunzirira. Mwana wa mmisiri amene anawerenga usiku m'kacipinda kace anakhoza tsono kulemba mayeso omwewo, nalandira digiri yomweyo. M'caka ca 1865 mayesowo analembedwa koyamba kutsidya kwa nyanja, pa cisumbu ca Mauritius, ndipo pambuyo pace anafika ku maiko ambiri. M'caka ca 1878 yunivesiteyo inalola akazi kulandira madigiri.

Koma London inayesa cabe, sinaphunzitse akutaliwo. Cifukwa cace panauka masukulu a makalata okonzekeretsa anthu mayesowo. William Briggs anayambitsa University Correspondence College m'caka ca 1887, ndi Joseph Knipe anayambitsa m'caka ca 1894 sukulu imene inachuka pambuyo pace ndi dzina la Wolsey Hall ya ku Oxford. Aphunzitsi ndi akalaliki ambiri a mu Africa anadziwa maina amenewa koposa maina a misewu ya London. Ku Nigeria mphunzitsi Alvan Ikoku analandira digiri ya London m'caka ca 1928 asanacoke m'dziko la kwao. Ndipo patapita zaka zowerengeka anamanga sukulu yaceyace ku Arochukwu, kuti ana a anansi ace apeze pafupi cimene iye anacifuna kutali.

Ku America nakonso kunali otsekeredwa kunja. M'caka ca 1873 mai wina wa ku Boston, Anna Eliot Ticknor, anasonkhanitsa akazi ophunzira kuti aziphunzitsa akazi anzao m'makalata osalandira malipiro, nawabwereka mabuku pa positi. Pa zaka 24 akazi oposa 7,000 anaphunzira motero, ambiri a iwo ali ndi ana pamsana ndi mphika pamoto. William Rainey Harper anaphunzitsa abusa ndi alaliki Cihebri m'makalata m'zaka za m'ma 1880. Ndipo atakhala mkuru woyamba wa yunivesite ya Chicago, imene inatsegulidwa m'caka ca 1892, anaikamo nthambi ya maphunziro a pa positi.

3. Anthu a m'migodi

Si madigiri okha amene anayenda m'thumba la makalata. Nzeru za nchito zinayendamonso. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuli migodi ya malasha, ndipo kale anthu anaferamo kawirikawiri. M'caka ca 1869 moto unabuka pa khomo la mgodi wa Avondale, umene unali ndi khomo limodzi lokha, ndipo anthu oposa 100 anafa. M'caka ca 1885 boma la cigawoco linalamula kuti akapitao a m'migodi ayambe apambana mayeso. Koma wokumba malasha akaphunzira kuti, ndipo liti, popeza atsikira pansi mbandakuca naturuka dzuwa litapendeka?

Thomas J. Foster, mkonzi wa nyuzi ya anthu a m'migodi, anayamba kuyankha mafunso ao m'nyuzi yace. Mafunso atacuruka anakonza maphunziro enieni, ndipo m'caka ca 1891 sukulu yace ya makalata inayamba ku Scranton. Ndiyo imene inachuka ndi dzina la International Correspondence Schools. Anthu anaphunziramo kayendedwe ka mpweya m'mgodi, kuyesa nthaka, masamu ndi za makina. Pambuyo pace anaonjezamo za njanji, za magetsi ndi kusunga mabuku a ndarama. Pofika caka ca 1906 maina olembedwa m'sukuluyo anafika 900,000. Apa tiona kuti kalata ikhoza kusunga moyo, pakuti kapitao wodziwa kumene mpweya woipa usonkhana abweza amuna kwa akazi ao madzulo.

4. Kwathu kuno ndi kwa anansi athu

Ku South Africa kunali yunivesite yoyesa mayeso cabe, yochedwa University of the Cape of Good Hope, imene inayamba m'caka ca 1873. M'caka ca 1918 inasanduka University of South Africa, imene ambiri aicha UNISA, ndipo m'caka ca 1946 inayamba kuphunzitsa pa positi. Pamene lamulo la 1959 linatsekera anthu akuda makomo a mayunivesite a azungu, UNISA inalandirabe anthu a mitundu yonse, popeza ophunzira ace sanakhale pa mpando umodzi. Envulopu siionetsa khungu la wolemba.

Koma apa pali cinthu cowawa cimene sitiyenera kucibisa. Boma la tsankho silinabvutike ndi maphunziro a makalata, cifukwa anasiya munthu wakuda kumene boma linafuna kuti akhale, ndiko kutali. Kalata inali cifundo kwa wotsekeredwa kunja, koma siinalungamitse wotseka citseko. Wopatsira mlendo nsima pa zenera, atamkaniza kulowa m'nyumba, asadzitame kuti wacereza mlendo.

M'dziko lathu lino, limene linkachedwa Nyasaland, sukulu ya sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre m'caka ca 1940, ndipo yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ace oyamba m'caka ca 1965. Zaka zonse za m'mbuyomo wofuna maphunziro apamwamba anayenera kuturuka m'dziko, kapena kulembera ku masukulu a makalata a ku South Africa, ku Southern Rhodesia ndi ku England. Aphunzitsi ndi akalaliki ambiri anatero, nadula pa malipiro ao ang'onoang'ono kuti agule masitampa ndi mafuta a nyali. M'caka comweco ca 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, kuthandiza osowa malo m'masekondale; ndi yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, inakhala ndi ophunzira a pa positi kuyambira m'zaka zace zoyambirira.

Ngakhale makoma a ndende sanaletse makalatawo. Pa nkhondo yaikuru ya 1939 kufikira 1945 asilikari a ku Britain ogwidwa m'misasa ya ku Germany analandira mabuku mwa thandizo la Red Cross, nalemba mayeso a London ali m'kati mwa mpanda wa waya. Pa cisumbu ca Robben Island andende ambiri anaphunzira ndi UNISA atawerukako ku nchito ya kuswa miyala, naphunzitsananso okhaokha.

Cotero funso loyamba la akuru layankhidwa ndi mbiri. Inde, nzeru ikhoza kuyenda m'thumba la makalata. Yayendamo zaka zambiri, ndipo yafikira amai a pakhomo, okumba malasha, aphunzitsi a kumidzi ndi andende. Ife Akristu sitiyenera kuzizwa nazo. Mtumwi Paulo analembera Akristu a ku Roma asanafike kwao, nawaphunzitsa zozama za cikhulupiriro. Ndi makalata ena anawalemba ali womangidwa, Tukiko nawanyamula. Mpingo wonse ukhala pa sukulu ya makalata amenewo kufikira lero.

5. Zimene kalata siingathe kusenza

Koma akuru aja sanalakwe konse, pakuti ziripo zina zimene sizilowa mu envulopu.

Coyamba ndico luso la manja. Munthu akhoza kuwerenga maina a mitsempha yonse ya m'thupi, koma palibe wa ife angalole kutumbulidwa ndi dotolo amene sanaimepo pambali pa dotolo mnzace. Mzamba, mmisiri wa matabwa ndi woyendetsa makina ayenera kugwiridwa dzanja. Cifukwa cace maphunziro a makalata anathandiza koposa anthu amene anali kale pa nchito. Wokumba malasha wa ku Pennsylvania anawerenga usiku za cinthu cimene anacigwira usana. Kalata inampatsa cifukwa ca zimene manja ace anadziwa kale.

Caciwiri ndico citsanzo. Mwana wa sukulu aphunzira kwa mphunzitsi wace zambiri zimene sizinalembedwe pa bolodi: umo apsera mtima ndi umo audziletsa, umo abvomerera pamene sadziwa, umo alankhulira ndi wosauka. Mtumwi Yohane, m'makalata ace awiri ang'onoang'ono, anasonyeza kuti ngakhale anali nazo zambiri zolemba, anakonda koposa kukaonana ndi abalewo ndi kulankhula nao pamaso. Wolemba kalatayo ndiye anazindikira malire a kalata.

Cacitatu ndico anzako a paulendo. Wophunzira wa pa positi akhala yekha ndi nyali yace. Akakhumudwa pa samu yobvuta palibe womfunsa. Yankho lidzafika patapita milungu, mtima utazirala kale. Anansi alikuceza pa moto, ana alikulira, thupi latopa ndi khasu, ndipo palibe belu lomuitana. Olemba mbiri ya sukulu ya ku Scranton ija atiuza kuti pa anthu 100 oyamba maphunziro, otsiriza sanakwane 3. Ena analeka atapeza cimene anafuna. Koma ambiri anangolefuka. Mutu umodzi susenza denga.

6. Mayesero awiri

Tsono tifika pa mlandu weniweni. Pamene mphunzitsi ndi wophunzira saonana, onse awiri alowa m'kuyesedwa, pakuti diso limene likadawaletsa palibe.

Mayesero a mphunzitsi ndiwo ndarama. Ku America masukulu a makalata atacuruka, ambiri anatuma anthu a malonda khomo ndi khomo kukakopa osauka ndi malonjezo a nchito zabwino ndi malipiro okwera. Wophunzira analipiriratu, kapena anasaina pangano la kulipira mwezi ndi mwezi. Tsono taonani kucenjera kwace: wophunzira wolimbika adyera sukulu ndarama, popeza mapepala ace afuna wowerenga ndi wokonza, koma woleka panjira asiya ndarama zace osafunanso kanthu. Motero phindu la masukulu ena linacokera kwa olephera, ndipo eni ace sanamve cisoni pakuona anthu alikugwa. M'caka ca 1926 John Noffsinger anafufuza masukuluwo naulula zonyansa zambiri, ndipo caka comweco masukulu ofuna mbiri yabwino anapangana malamulo a kudzisunga nao. M'caka ca 1930 Abraham Flexner anadzudzula ngakhale mayunivesite ochuka, kuti anasandutsa maphunziro a pa positi msika. Ndipo m'mibadwo yonse pakhala onyenga ogulitsa zikalata za digiri popanda phunziro liri lonse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphunzitsi wa m'kalasi akanyalanyaza mwana, aona nkhope yace m'mawa mwace, nacita manyazi. Mphunzitsi wa makalata saona misozi ya munthu. Aona nambala yokha. Kukonza bwino pepala la munthu amene sudzakomana naye, amene sangakudandaulire kwa wina ali yense, kumeneko ndiko kukhulupirika.

Mayesero a wophunzira ndiwo cinyengo. Ndani adziwa ngati mayankho a mu envulopu analemba ndi mwini dzina, kapena mbale wace wodziwa koposa? Ndani aona ngati anatseka buku poyankha? Cifukwa ca ici mayunivesite anaika mayeso otsiriza m'nyumba yoyang'aniridwa, pakuti anadziwa mtima wa munthu. Koma nchito ya sabata ndi sabata iri m'manja mwa cikumbu mtima cokha. Wobera ayesa kuti wapusitsa mphunzitsi wa kutali, koma wapusitsa iye mwini, ndi anthu amene adzamkhulupirira. Mpweya woipa wa m'mgodi suwerenga setifiketi. Kapitao wobera mayeso atsikira pansi ndi amuna a eni. Mphunzitsi wobera aimirira pamaso pa ana a eni. Wosunga ndarama wobera agwira thumba la Mpingo. Bodza lolembedwa usiku m'kacipinda lidzalipiridwa usana ndi anthu osalakwa.

Apa tiona cimene sukulu ya makalata iphunzitsa koposa masukulu ena onse, cingakhale sicilembedwa pa ndandanda ya maphunziro ace. Iyesa munthu ali yekha. M'kalasi ambiri akhala olungama cifukwa ca ndodo ndi manyazi. Pa positi wolungama ndiye amene akumbuka kuti Mulungu aona m'tseri. Iye amene wadzuka yekha zaka zinai kapena zisanu popanda womdzutsa, nakana kubera popanda womgwira, waturuka ndi cinthu coposa digiri. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

7. Andende awiri

Koma tingati kodi munthu wolimbika cotero wasanduka wabwino ndithu? Mbiri ya anansi athu itipatsa anthu awiri oti tiwalingalire.

Nelson Mandela anatsiriza digiri yace yoyamba ndi UNISA ali mnyamata wa nchito ku Johannesburg. Atamangidwa m'caka ca 1962 anawerenga malamulo pa positi ndi yunivesite ya London. Ku Robben Island oyang'anira ndende anamletsa kuphunzira zaka zinai, atapeza mapepala a mbiri ya moyo wace okwiriridwa m'dimba. Sanaleke, ndipo analandira digiri ya malamulo ya UNISA m'caka ca 1989, akali womangidwa. Anaturuka m'caka ca 1990, nakhala mtsogoleri wa dziko lace m'caka ca 1994, nafuna ciyanjano ndi amene anamsautsa, natula pansi udindo m'caka ca 1999 mwa kufuna kwace.

Robert Mugabe anakhala m'ndende za Rhodesia kuyambira 1964 kufikira 1974. Iyenso anaphunzira pa positi ndi khama lodabwitsa, nalandira madigiri a malamulo a London, naphunzitsa andende anzace. Analamulira Zimbabwe kuyambira 1980 kufikira 2017. Anacurukitsa masukulu m'dzikomo, ndipo ici tisacikane. Koma m'zaka za 1983 kufikira 1987 asilikari a boma lace anapha anthu zikwi zambiri ku Matabeleland, ndipo sanacoke pa mpando kufikira anamkakamiza.

Onse awiri anawerenga malamulo m'ndende, ndipo mabuku anawafikira m'thumba la mtundu umodzi. Kalata inasenza cidziwitso ca malamulo kwa onse awiri mofanana. Koma kukonda cilungamo ndi cifundo sikunali mu envulopu. Sitiweruza mitima yao, pakuti woweruza alipo, tingoona zipatso. Ndipo ici sicitsutsa sukulu ya makalata yokha, pakuti ngakhale sukulu ya makoma siingathe kuumba mtima watsopano. Khama ndi mphatso yabwino, koma lifanana ndi nkhwangwa yakuthwa, imene imanga nyumba kapena kugwetsa ya mnansi monga afunira woigwira.

8. Tinene ciani tsono?

Tinena kuti nzeru iyenda ndithu m'thumba la makalata, koma kukhulupirika sikuyendamo. Kuyenera kupezeka kale ku mbali zonse ziwiri, kwa wotumiza ndi kwa wolandira. Ndipo pamene kwasowa ku mbali imodzi, cotsala ndi malonda a mapepala.

Amene anaganizira bwino za nchitoyi anazindikira kuti kalata ifuna nkhope ya munthu pambali pace. Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1969 nilandira ophunzira ace oyamba m'caka ca 1971, inatumiza maphunziro pa positi ndi pa wailesi, komanso inapatsa wophunzira ali yense namkungwi wa kufupi ndi kwao, ndi masiku a kusonkhana. Ku Guatemala, m'caka ca 1963, sukulu ya ubusa ya Mpingo wa Presbyterian inaona kuti akuru enieni a mipingo ya kumidzi sangasiye minda ndi mabanja ao; tsono inawapatsa mabuku owerenga kwao, mphunzitsi nawayendera kukakambirana nao m'timagulu. Njira yomweyo inafalikira m'maiko ambiri, ndipo inafika ku Malawi kuno. Masiku ano maphunziro ambiri otere ayenda pa foni ndi pa intaneti, ndi yankho limene kale linatenga mwezi lifika tsiku lomwelo. Koma mphunzitsi akali kutali, wophunzira akali yekha, ndi onyenga acuruka koposa kale. Thumba lasintha, mlandu ndi womwewo.

Cifukwa cace tiri nao mau kwa anthu atatu.

Kwa iwe wofuna kuphunzira: usatumize ndarama zako usanafunse. Safunsa anadya phula. Funsa ngati sukuluyo ibweza mapepala okonzedwa, ngati cikalata cace cibvomerezedwa ndi boma ndi olemba nchito, ndi ngati alipo wina wa kufupi amene anatsiriza nayo. Wolonjeza digiri yopanda thukuta umthawe monga uthawa njoka. Ukayamba, ika nthawi yako tsiku ndi tsiku ndi kuisunga monga usunga nthawi ya mapemphero. Lemba ndi dzanja lako zimene mutu wako wadziwa. Kulephera koona kuposa kupambana konama. Ndipo dzifunse cimene ufunira nzeruyo: kodi nkuti ukatumikire, kapena nkuti anthu akuvulire cipewa?

Kwa inu a pabanja ndi a pamudzi: munthu wowerenga usiku si waulesi kapena wodzikuza. Musamseke poona zaka zirikupita. Mwamuna alandire mwana m'manja mwa mkazi wace wophunzira, monga mkazi asungira mwamuna wace nyali. Inu ndinu kalasi yace. Inu mukamfooketsa, alibe wina womlimbikitsa.

Kwa ife a Mpingo, abusa, akuru ndi aphunzitsi: cimene kalata siingathe kusenza ndico cimene ife tiri naco. Tiri ndi nyumba zokhala zotseka masiku asanu ndi limodzi; bwanji osatsegula cipinda cimodzi madzulo, ndi nyali, kuti ophunzira a pa mudzi awerengere pamodzi? Tiri ndi aphunzitsi opuma pa nchito amene akhoza kumasulira samu yobvuta. Koposa zonse tiri ndi udindo wa kulera cikumbu mtima, kuti mwana wathu akakhala yekha ndi pepala lace adziwe kuti sali yekha. Ndiponso tisaleke kupempha kuti masukulu enieni acuruke, kuti kalata ikhale njira ya wosankha, yosati citonthozo ca wokanidwa.

Tsono mukaona nyali irikuyaka usiku m'nyumba ya mnansi wanu, mwini wace ataweramira pa mapepala ocokera kutali, mpempherereni zinthu ziwiri: kuti asaleme, ndi kuti asaname. Ndipo Mwini nzeru zonse, amene aona mphunzitsi ndi wophunzira pamodzi ngakhale iwo saonana, atipeze ife tonse okhulupirika m'zobisika monga m'zoonekera.